Kukoka thirela yodzaza pa ulendo wautali: zimene injini ya dizilo siikuuzani

Chaka chikamapita kumapeto, pa zipata za Beitbridge ndi Mwanza pamadutsa galimoto zambiri za mtundu wa Fortuner, Prado, Pajero ndi Everest zitakoka mathirela omangidwa katundu mpaka kupitirira denga: mafiriji, mabedi, matailosi, zitseko, nthawi zina galimoto ina yathunthu itakwezedwa pamwamba. Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Blantyre pali makilomita pafupifupi 1,700. Ambiri amafika bwino. Koma amene amayenda njira imeneyi amadziwa kuti m'mbali mwa msewu simusowa thirela yoguluka tayala, kapena galimoto yotsegula boneti mwini wake atakhala pamthunzi kudikira kuti izizire. Mukafunsa chimene chachitika, simumva kawirikawiri zoti injini yalephera kukoka. Mpamene pagona nkhani yonse. Injini ya dizilo ndiyo imakhala yomaliza kudandaula, ndipo chifukwa cha chimenecho dalaivala amaganiza kuti zonse zili bwino pamene giyabokosi, mabuleki, matayala ndi ekiselo yakumbuyo zafika kale pothera mphamvu zake.

Anthu amakonda dizilo pa zifukwa zomveka. Pokoka katundu chofunika kwambiri ndi mphamvu yopotokola matayala, imene opanga galimoto amailemba ndi zilembo za Nm. Prado ya petulo ya 2.7, imene ili yambiri m'misewu yathu, imatulutsa pafupifupi 245 Nm, ndipo kuti ifike pamenepo injini imayenera kulira mpaka cha m'ma 3,800 pa wotchi ya rpm, yosonyeza kuzungulira kwa injini pa mphindi. Injini ya dizilo ya 2.8 imene ili mu Fortuner, Hilux ndi Prado za otomatiki zopangidwa kuyambira 2020 imatulutsa 500 Nm singano ili pa 1,600 pokha. Kusiyana kumeneku mumakumva m'thupi ponyamuka pa chitunda: ya petulo imafuula, ya dizilo imangoti nyamu. Komanso lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita ya petulo, ndipo injini yake imafinya mpweya kwambiri, choncho mafuta amafika patali. Vuto n'lakuti khutu la dalaivala linazolowera kumvera injini. Injini ikamayenda mwakachetechete, mtima umakhala m'malo.

Wogulitsa galimoto akakuuzani kuti iyi imakoka matani atatu ndi theka, wangotchula nambala imodzi mwa zingapo, ndipo wasankha yokoma kumva. Nambala imeneyo ndi ya thirela yokhala ndi mabuleki akeake. Thirela yopanda mabuleki, ngati zambiri zimene zimawotcheredwa m'magalaja ang'onoang'ono, malire ake ndi makilogalamu 750 basi, kuphatikizapo kulemera kwa thirelayo, ngakhale yokoka ikhale Land Cruiser. Thirela ya makilogalamu 250 mukaikapo matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50, mwafika kale pamalire.

Nambala zinazo zili pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa felemu la chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti, ndiponso m'buku la galimoto. GVM ndi kulemera konse kumene galimoto imaloledwa kufika itanyamula anthu, mafuta ndi katundu. GCM ndi kulemera kwa galimoto ndi thirela pamodzi. Palinso kulemera kumene ekiselo iliyonse ingasenze. Yomaliza, imene anthu amaiiwala kwambiri, ndi kulemera kumene mphuno ya thirela imatsikira nako pa kampira kachitsulo ka chokokera. Kuti thirela iyende mowongoka, pamafunika kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake litsikire pa kampirako, ndipo kulemera kumeneku kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto.

Titenge Land Cruiser 300 monga imagulitsidwira ku Australia, dziko limene anthu amakoka makalavani maulendo ataliatali. Imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500, GVM yake ndi 3,280, GCM yake ndi 6,750. Galimotoyo payokha imalemera cha m'ma 2,500 mpaka 2,600 malinga ndi mtundu wake, ndiye kuti malo onyamulira ndi makilogalamu pafupifupi 700. Mukakoleka thirela ya 3,500, makilogalamu 350 atsikira pa chokokera. Kwatsala 350. Akuluakulu anayi akakwera, atenga cha m'ma 300. Zikwama, zigubu za mafuta, bokosi la zakumwa, katundu wa padenga, zonsezo zikwane m'makilogalamu 50. Imeneyitu ndi galimoto yaikulu ndi yolimba kuposa zambiri zimene timakokera. Pa Fortuner kapena Prado yakale mpata ndi wochepa kuposa pamenepa.

Ndipo sizithera pomwepo. Chokokera chili kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo ndi mita imodzi kapena kupitirira, choncho chimagwira ntchito ngati mpiringidzo wotukulira mwala. Makilogalamu 350 a pa kampira amasanduka pafupifupi 500 pa ekiselo yakumbuyo, ndipo 150 owonjezerawo achotsedwa ku matayala akutsogolo, amene ndi owongolera komanso amene amagwira ntchito yaikulu ya mabuleki. Mukaona galimoto yakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, nyali zikuthobwa m'maso anzake usiku, dziwani kuti chiwongolero chake chapepuka. Ena amathamangira kuika masipuling'i olimba. Galimoto imaoneka yowongoka ndithu, koma ekiselo, mabering'i ndi matayala zikusenzabe katundu yemweyo.

Maso amanama pa kulemera. Matailosi, simenti, mabuku, mabatire a sola ndi zitsulo zimatenga malo ochepa koma n'zolemera kwambiri. Matumba 20 a simenti ndi tani yathunthu. Thirela ya maekiselo awiri yonyamulira galimoto imatha kupitirira makilogalamu 500 isananyamule kanthu, ndipo kagalimoto kakang'ono ngati Vitz kamawonjezera tani ina. Njira yodalirika ndi imodzi yokha, kupita pa sikelo yoyezera malole: kuyeza galimoto ndi thirela pamodzi, kenako galimoto yokha thirela idakali yokoleka, kenako ekiselo yakumbuyo. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi giyabokosi imodzi.

Amene akunyamukira ku South Africa adziwenso kuti lamulo la kumeneko lili ndi malire akeake osiyana ndi a opanga galimoto. Thirela yopanda mabuleki siyenera kulembedwa kulemera kopitirira theka la kulemera kwa galimoto yokoka ili yopanda kanthu. Thirela ya mabuleki ogwira okha ikamakankha galimoto siyenera kulembedwa kulemera kopitirira kulemera kwa galimotoyo. Fortuner imalemera matani awiri ndi pang'ono, ndiye thirela yotere yolembedwa makilogalamu 2,700 ndi yosaloledwa kumbuyo kwake, ngakhale buku la Toyota litanena kuti ingakoke. Chimene wapolisi amayang'ana ndi nambala ya pa kachitsulo ka thirela, kaya yadzaza kaya ilibe kanthu. Laisensi nayo ili ndi malire: ya B imalola thirela yosapitirira makilogalamu 750, yoposa pamenepo imafuna EB, ndipo malaisensi akuno kwathu amatsata zilembo zomwezi za SADC. Ngozi ikachitika, a inshuwalansi amayamba kufunsa zimenezi. Ku Britain mabungwe a anthu okoka makalavani amalangiza oyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto. Si lamulo, koma ine ndimauona ngati muyezo wanzeru pa misewu yathu, imene ili ndi maenje, m'mbali modyeka, njinga ndi mbuzi.

Tsopano kapakiridwe. Aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe amadziwa kuti katundu akachuluka kumbuyo, mtanda umatukuka ndipo goli limakola ng'ombe pakhosi. Akachuluka kutsogolo, limazipsinja. Ndipo potsetsereka ngolo ndiyo imayamba kukankha ng'ombe. Thirela imachita chimodzimodzi, kungoti pa liwiro la makilomita 90 pa ola palibe nthawi yokonzera. Katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Akakhala kumbuyo, thirela imayamba kugwedeza mchira. Poyamba ndi pang'ono, kumanja, kumanzere, kenako kugwedezako kumakula kokha mpaka kumakoka kumbuyo kwa galimoto. Kawirikawiri chimayambitsa ndi kanthu kakang'ono: basi yaikulu yodutsa mothamanga imene mphepo yake yakankha thirela, dzenje lozembedwa mwadzidzidzi, kapena tayala limodzi la thirela lotsika m'mphepete mwa phula.

Thirela iliyonse ili ndi liwiro limene ikalipitirira, kugwedezako sikuthanso kokha. Kupakira molakwika kumatsitsa liwiro limenelo, mwina kuchoka pa 110 kufika pa 70. Zikayamba, thupi limakuuzani kuti pondani mabuleki kapena limbanani nayo ndi chiwongolero, ndipo zonse ziwiri zimawonjezera vuto. Chofunika ndi kugwira chiwongolero mowongoka, kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, galimoto itsike liwiro yokha. Zoti ukathamangitsa thirela imawongoka ndi mawu amene agwetsa anthu ambiri. Amene ali ndi thirela ya mabuleki amagetsi ali ndi mwayi, chifukwa angathe kugwira mabuleki a thirela yokha ndi dzanja, ndipo zimenezo zimaiwongola. Mukaima, musapitirire musanasunthe katundu.

Liwiro limadyanso mafuta kuposa kulemera. Pa msewu wathyathyathya, monga mbali zambiri za pakati pa Beitbridge ndi Masvingo, mdani wamkulu ndi mphepo. Kukana kwa mphepo kumakula mowirikiza: pa 110 kumakhala pafupifupi kawiri kuposa pa 80. Thirela yopakiridwa mpaka kupitirira denga la galimoto, lona likukupiza, imatha kumwetsa mafuta kuposa thirela yolemerapo koma yaifupi. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuzimitsa imakulanso motero. Kuyenda pa 80 kumatalikitsa ulendo ndi maola ochepa, koma kumachepetsa mafuta, kutentha, kugwedezeka ndi mtunda woimira zonse pakamodzi. Palibe chipangizo chogula chimene chingachite zonsezi.

Kutentha ndiko kumapha galimoto zokoka, ndipo njira ya ku Tete ili ngati inapangidwira kuyesa zimenezi. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kuchoka pamenepo msewu umakwera mpaka ku Zobue ndi Mwanza, umatsikira ku Shire pa Zalewa, n'kukweranso kudzera ku Lirangwe ndi Lunzu mpaka ku Blantyre, kumene ndi kopitirira mamita 1,000. Pokwera, injini imapanga moto wochuluka pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ndiye mphepo yolowa kutsogolo imachepa pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Kutsogoloko kuli zinthu zingapo zosanjikizana: choziziritsira mpweya wa m'galimoto, choziziritsira mpweya wa turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini), radiyeta, ndiponso choziziritsira oyilo wa giyabokosi. Zonsezi zimagawana mphepo imodzi. Pakati pake pamadzaza udzu, tizilombo ndi matope, ndipo kungotsuka pamenepo musananyamuke kumathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira.

Pa galimoto za otomatiki, chimene chimayamba kuvutika ndi giyabokosi. Pakati pa injini ndi magiya pali chipangizo chotchedwa torque converter, chimene chimapereka mphamvu kudzera mu oyilo. Chikamaterereka, mphamvu yotayikayo imasanduka moto, ndipo motowo umalowa mu oyilo. Pa liwiro lokhazikika chipangizochi chimadzitseka, kutererekako n'kutha. Koma galimoto yokoka ikasiyidwa pa D pa msewu wa zitunda, imangosinthasintha: yakwera giya, yaona kulemera, yatsika, yakweranso. Nthawi yonseyo oyilo akupsa. Oyilo akapsa amada, amanunkha chopserera, ndipo sagwiranso bwino timbale ta mkati. Kuwonongekako sikuoneka tsiku lomwelo. Galimoto imafika kumudzi, patapita miyezi itatu n'kuyamba kuchedwa kulowa giya, mwini wake osaganizanso za ulendo wa mu Disembala.

Chochita n'chosavuta. Sankhani giya nokha, itsekereni pa 4 kapena pa 3 pokwera, injini izizungulira pakati pa 2,000 ndi 2,500 pamene ili ndi mphamvu zake zonse, ndipo giya yapamwamba muisiye pokhapokha pa malo athyathyathya. Galimoto imene ili ndi batani la kukoka, ligwiritseni ntchito. Ena amaopa kuti injini ikamamveka ndiye kuti ikuvutika. Zoona zake n'zakuti injini ya dizilo imavutika kwambiri ikakhala pa giya yapamwamba, singano ili pansi, phazi litapondereza mafuta mpaka pansi. Pamenepo mafuta amalowa ambiri, mpweya ndi wochepa, utsi wotuluka umatentha moopsa, ndipo mapisitoni ndi turbo ndi zimene zimalandira motowo. Galimoto zimene kompyuta yake inasinthidwa kuti zikhale ndi mphamvu zowonjezera zili pa chiopsezo chachikulu pamenepa, chifukwa mpata umene opanga anasiya unadyedwa kale.

Singano ya kutentha musaikhulupirire kwambiri. Pa galimoto zambiri zamakono inapangidwa kuti izikhala pakati ngakhale madzi atenthe mosiyanasiyana, ndipo ikayamba kusuntha ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Komanso imanena za madzi a injini okha. Kachipangizo kotchipa kolumikiza pa soketi ya OBD, imene amakaniko amalumikizapo kompyuta pansi pa chiwongolero, kamatha kuonetsa pa foni kutentha kwenikweni kwa madzi, ndipo pa galimoto zina kwa oyilo wa giyabokosi. Singano ikakwera kapena nyali ya giyabokosi ikayaka, zimitsani choziziritsira mpweya wa m'galimoto, imani pamalo abwino, ikani pa P, injini muisiye ikulira kuti madzi ndi oyilo zizizungulira. Chivundikiro cha radiyeta chisatsegulidwe injini ili yotentha. Ngakhale zonse zili bwino, mukangomaliza chitunda chachitali musazimitse injini nthawi yomweyo. Ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu kuti oyilo aziziritse turbo. Ndipo ngati n'kotheka, chigwa cha Zambezi muchidutse m'mawa dzuwa lisanakwere.

Komabe kukwera n'kochepa poyerekeza ndi kutsika. Galimoto ikalephera pokwera mumataya ndalama. Ikalephera potsika pamatayika miyoyo. Kuno kwathu tili ndi mitsetse yodziwika: Chiweta pa M1 kutsikira ku nyanja, msewu wa Masasa kutsikira ku Golomoti, ndi wa Blantyre kutsikira ku Chikwawa kudzera pa Thabwa. Galimoto ndi thirela zolemera matani asanu ndi theka zikatsika mamita 500, zimatulutsa mphamvu yokwanira kuwiritsa madzi pafupifupi malita 80. Mphamvu imeneyo iyenera kupita kwinakwake. Ina imatha ndi mphepo ndi matayala, koma yambiri imalowa mu injini kapena m'mabuleki. Mabuleki akalandira yonse amatentha mpaka mapadi amasiya kugwira, ndipo mafuta a mabuleki amatha kuwira. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 atsopano amawira pa madigiri 230, koma amayamwa chinyezi pakapita nthawi, ndipo akale angawire pa madigiri 155. Akawira, mumaponda buleki n'kungolowa pansi osagwira kanthu. Galimoto zambiri zochokera kunja zimayenda zaka ndi zaka mafuta amenewa osasinthidwa, pamene amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Apa pali chinthu chimene okonda dizilo sachitchula. Injini ya dizilo siigwira galimoto mwamphamvu potsetsereka ngati ya petulo ya kukula komweko, chifukwa mpweya umalowa momasuka popanda chotsekereza cholimba. N'chifukwa chake malole amakhala ndi buleki yapadera ya pa injini, ija imamveka kubangula potsika phiri. Galimoto zambiri za mtundu wa SUV zilibe. Ndiye giya iyenera kutsitsidwa kwambiri kuposa mmene mungaganizire, pa 2 ngakhale pa 1, ndipo itsitsidwe pamwamba pa phiri liwiro lisanakule, chifukwa giyabokosi ya otomatiki imakana kutsika giya liwiro likachuluka. Buleki ipondedwe mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike, kenako isiyidwe kuti izizire. Kuigwira pang'onopang'ono mosalekeza ndiko kumaiwotcha.

Chizolowezi chochotsa giya potsetsereka pofuna kusunga mafuta chimandiwawa kwambiri, chifukwa munthu amaika moyo pachiswe popanda phindu lililonse. Injini yamakono ikakhala mu giya phazi litachoka pa mafuta, kompyuta imatsekeratu dizilo, galimoto imatsika osamwa ngakhale dontho. Ikakhala pa nyutilo imamwa mafuta kuti isazime. Wochotsa giya ndiye amene akuwononga mafuta, kwinaku wasiyira mabuleki okha matani onse aja.

Mabuleki a thirela ogwira okha ali ndi khalidwe lawo pa mtsetse wautali. Amagwira thirela ikamakankha chokokera, ndipo potsika phiri imakankha nthawi yonse, ndiye amangokhala ogwira mpaka pansi ngakhale inu musakuponda. Mukafika pansi imani, yandikizani dzanja pa mawilo a thirela. Akatentha kwambiri girizi amasungunuka, ndipo bering'i imatha kufa makilomita ochepa kutsogolo.

Mabering'i ndi matayala a thirela ndi zimene zimasiya anthu ambiri panjira. Thirela imakhala miyezi ili pabwalo, dzuwa likuwamba matayala, madzi akulowa mu girizi, kenako tsiku limodzi ipatsidwa tani ndi theka ndi makilomita 1,700. Mawilo ake amakhala ang'onoang'ono, choncho amazungulira kambiri kuposa a galimoto. Tayala limaoneka la mano abwino koma lili lokalamba. Pambali pake pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, makamaka la kaunjika, si loyenera ulendo wotere. Palinso nambala ya kulemera kumene lingasenze: 100 ndi makilogalamu 800, 112 ndi 1,120, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha mpweya uli wokwanira. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika, limatentha, n'kuphulika. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala ali ozizira, ndipo akumbuyo a galimoto awonjezeredwe monga mwa kapepala ka pachitseko. Mukayenda makilomita 50 oyamba imani, mangani manati, kokani zingwe, gwirani mawilo. Kenako muzitero maola awiri alionse. Tayala lapadera la thirela, mabering'i apadera, girizi ndi jeke yokwana pansi pa thirela yodzaza zisatsale.

Chokokera chenichenicho chifunika kuchiyang'anitsitsa. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera zopanda chokokera, ndipo eni ake amakawotcheretsa. Amisiri athu ena ndi aluso ndithu, koma chokokera chabwino chimamangidwa ndi mabawuti olimba pa mabowo amene opanga anasiya pa shasi, ndipo chimakhala ndi kachitsulo konena kulemera kumene chingapirire. Kuwotcherera pa shasi kumafooketsa chitsulo pambali pa msoko, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Kampira ndi ka mamilimita 50, ndipo kapu ya thirela ikhale ya muyezo womwewo. Tcheni chachitetezo chikolekedwe pa chitsulo cholimba cha galimoto. Kumbukiraninso kuti si SUV iliyonse ili ndi shasi. Prado, Fortuner, Pajero Sport, Everest ndi MU-X zili nayo. RAV4, X-Trail ndi CX-5 thupi lake ndilo shasi, malire ake okokera ndi ochepa, ndipo zimene zili ndi giyabokosi ya CVT, ija yoyendera lamba wachitsulo, sizikondwera ndi katundu wolemera pa chitunda.

Za mafuta, werengerani kuti thanki imene imakufikitsani makilomita 700 mwina ikufikitsani 450, ndipo thirani musanafike pa theka, makamaka nthawi imene mafuta akusowa. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndi woopsa kwa injini zamakono, zimene zimapopera mafuta pa mphamvu yofika 2,000 bar kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono, fumbi kapena palafini wosakanizidwa zimawononga mainjekita ndi pampu. Nyamulani fyuluta ya dizilo yapadera, ndipo nyali ya madzi mu fyuluta ikayaka imani mukhetse. Galimoto zokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa utsi, zimafuna dizilo wa salufa wochepa, wa 50 ppm kapena kutsika. Ulendo wautali umaithandiza sefayi, chifukwa utsi wotentha umawotcha mwaye, koma musaimike galimoto yotere pa udzu wouma. Zimene zimagwiritsa ntchito AdBlue, mankhwala amadzi oyeretsera utsi, zimamwa wambiri pokoka, ndipo akatha galimoto imakana kulira mukaizimitsa, choncho tengani wina wapadera.

Pa malire, thirela imawerengedwa ngati galimoto payokha: ikhale ndi nambala yake, mapepala ake, ndi kalata ya mwini wake ngati ndi yobwereka. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto zodutsa malire, imagwira ntchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, koma ku Mozambique mumagula inshuwalansi yakeyake. Nyali za thirela ziziyesedwa m'mawa uliwonse, poti mawaya ake amaduka ndi kugwedezeka.

Mukafika, ulendo wa galimotoyo sunathe. Mabuku a opanga galimoto amaika kukoka m'gulu la ntchito yolemetsa, imene imafuna kuti oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu asinthidwe msanga kuposa nthawi zonse. Amakaniko aone mtundu ndi fungo la oyilo wa giyabokosi, makulidwe a mapadi, mabawuti a chokokera ndi shasi pozungulira pamenepo. Ngati thirela ikubwerera yopanda kanthu, chepetsani mpweya m'matayala ake. Masipuling'i ake anapangidwira katundu, ndipo ikakhala yopepuka matayala ali gwa imadumphadumpha pa maenje mpaka nyali, mawaya ndi misoko yowotcherera zimayamba kuguluka.